Mafoda akasiya kukoperedwa okha: kupeza chavuta pa FreeFileSync, OneDrive ndi Google Drive

Malangizo awa ndi a amene munakonza kuti mafoda a pa kompyuta ya Windows 10 kapena 11 azikoperedwa okha kupita pa external, pa flash kapena pa intaneti, koma zimene munkayembekezera sizikuchitika. Mapulogalamu ake ndi FreeFileSync pamodzi ndi kamnzake RealTimeSync (kamene kamayang'anira foda n'kuyambitsa kukopera ikasintha), OneDrive, ndi Google Drive ya pa kompyuta. Choopsa pa mavuto amenewa n'chakuti ambiri sachita phokoso. Pulogalamu imatha kuima mu Marichi, mwini wake n'kudzazindikira mu Ogasiti, tsiku limene laputopu yakana kuyaka. Pezani mutu umene ukufanana ndi zimene mukuona, ndipo muyambe ndi chifukwa choyamba, poti n'chimene chimachitika kawirikawiri.

## Musanakonze chilichonse

- Imitsani kaye pulogalamuyo. Pa RealTimeSync, dinani kumanja pa kachizindikiro kake pafupi ndi wotchi n'kusankha Quit. Pa OneDrive sankhani Pause syncing, ya maola 2, 8 kapena 24. Google Drive nayo ili ndi Pause syncing. Pulogalamu ikamayenda inu mukusuntha mafayilo, imakopera ndi zolakwa zanu zomwe.
- Musafufute kanthu, musachite format ngakhale Windows ikupempheni.
- Werengani lipoti la ulendo womaliza. Pa FreeFileSync, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani `%AppData%\FreeFileSync\Logs`, tsegulani fayilo ya deti laposachedwa. Deti lenilenilo ndi yankho kale: ngati lipoti lomaliza ndi la miyezi itatu yapitayo, ndiye kuti pulogalamuyo sikuyamba n'komwe.

## 1. Palibe chikupita pa external

Chilembo cha diski chasintha. Ili ndiye vuto lalikulu kuposa onse. Munakonza ntchitoyo external ili E:, lero mwayamba kulowetsa flash ya mnzanu, iyo yatenga E:, external yanu yakhala F:. RealTimeSync imangokhala phee kudikira foda imene sikuiona. Choipa kwambiri n'chakuti mafayilo anu akhoza kupita pa flash ya mwini wakeyo. Tsegulani This PC muyerekeze chilembo chimene chilipo ndi chimene chalembedwa mu pulogalamu. Njira zokonzera ndi ziwiri. Yabwino ndi kuipatsa external dzina, tinene NKHOKWE, kenako mu FreeFileSync ndi mu RealTimeSync momwe mulembe `[NKHOKWE]\Zolemba` m'malo mwa `E:\Zolemba`. Pulogalamu izifufuza dzinalo, chilembo chikhale chilichonse. Inayo ndi kulemba `diskmgmt.msc` pa Windows ndi R kuti Disk Management itseguke, kudina kumanja pa external, Change Drive Letter and Paths, n'kuipatsa chilembo chakutali ngati X:, chimene ma flash sachifikira. Koma chilembocho chimagwira pa kompyuta yokhayo imene mwachiikira.

RealTimeSync siyamba yokha mukayatsa kompyuta. Ambiri amadina Start, zonse n'kuyenda tsiku limenelo, mawa lake zii. Sungani makonzedwe anu ngati fayilo ya `.ffs_real`, lembani `shell:startup` pa Windows ndi R, ndipo muike shortcut ya fayiloyo mufoda imene yatsegukayo. Zimitsani kompyuta, yatsaninso, muone ngati kachizindikiro kabwera.

Task Scheduler, pulogalamu ya Windows yoyambitsa ntchito pa nthawi imene mwaika, ikukana chifukwa laputopu ili pa batire. Ntchito iliyonse yatsopano imabwera itachongedwa kale pa Conditions kuti Start the task only if the computer is on AC power, ndi chinzake cha pansi pake chimene chimaimitsa ntchito magetsi akachoka. Kwa ife amene magetsi amazima masana ntchito ili mkati, zimenezi zikutanthauza kuti masiku ambiri palibe chimakoperedwa. Chotsani kuchonga konseko, koma ngati external yanu ndi yaikulu ija yokhala ndi chaja chakechake, zisiyeni, poti nayo imazima limodzi ndi magetsi. Pa Settings chongani Run task as soon as possible after a scheduled start is missed, kuti ntchito ya 8 koloko usiku idzachitike m'mawa ngati kompyuta inali yozimitsa.

Mukadali momwemo yang'anani Last Run Result. Pa FreeFileSync, 0x0 ndiye kuti zonse zinayenda, 0x1 inamaliza koma ndi machenjezo, 0x2 panali zolakwika, 0x3 inadulidwa panjira. 0x41303 ndiye kuti ntchitoyo sinayambepo chiikireni. Onetsetsaninso kuti pa Program pali `C:\Program Files\FreeFileSync\FreeFileSync.exe`, ndipo pa Add arguments pali njira yonse ya fayilo ya `.ffs_batch` (makonzedwe a FreeFileSync osungidwa kuti aziyenda okha) itaikidwa pakati pa zizindikiro za "...", makamaka ngati m'dzinamo muli mpata.

Pali uthenga umene ukudikira yankho. Fayilo imodzi ikavuta, FreeFileSync imatulutsa kawindo kofunsa, ndipo RealTimeSync siyambanso ulendo wina mpaka kawindoko katatsekedwa. Kakhoza kubisala kuseri kwa mawindo ena tsiku lonse. Posunga `.ffs_batch` chongani Run minimized, Auto-close ndi Ignore errors. Dziwani mtengo wake: Ignore errors imadumpha fayilo yovutayo osakuuzani, ndiye lipoti lija muziliwerenga kamodzi pa sabata.

Foda yakhomedwa. Magetsi akazima ntchito ili pakati, mufoda mumatsala kafayilo ka `sync.ffs_lock`. FreeFileSync imadikira pang'ono, ikaona kuti palibe mwini wake imakachotsa yokha. Kachotseni ndi dzanja pokhapokha mutatsimikiza kuti palibe kompyuta ina ya mu ofesi imene ikugwira foda yomweyo.

Foda ya pa netiweki sikuoneka. Ntchito yoikidwa kuti Run whether user is logged on or not siona zilembo ngati Z: zimene munalumikiza inu mutalowa. Lembani njira yonse, monga `\\SEVA\Zosunga`.

## 2. OneDrive kapena Google Drive yangoima

- Bandulo. Yatha, kapena imene muli nayo ndi ya WhatsApp ndi Facebook yokha. Foni imaonetsa kuti intaneti ilipo koma Drive siidutsa. Tsegulani drive.google.com kapena onedrive.com pa browser; ikakana, vuto si pulogalamu.
- Windows yaona netiweki ngati yolipira pa MB. OneDrive imadziimitsa yokha pa metered connection, ndipo modemu ya SIM kadi komanso hotspot ya mafoni ena zimatengedwa choncho. Imaimanso laputopu ikalowa battery saver. Zonse ziwiri zili mu Settings ya OneDrive, pansi pa Sync and backup. Musanazichotse ganizirani bandulo yanu. N'kwabwino kuzisiya, n'kumadina Resume syncing nokha usiku kapena mukafika pa Wi-Fi.
- Malo adzaza. Akaunti yaulere ya OneDrive ndi 5 GB. Ya Google ndi 15 GB, koma imagawidwa pakati pa Drive, Gmail ndi Google Photos, ndiye zithunzi za pa foni zikhoza kudzaza malo amene mumawerengera kuti ndi a zolemba. Zimene zili mu Trash zimawerengedwabe mpaka zitafufutidwa zenizeni.
- Munasintha pasiwedi pa foni, pulogalamu ya pa kompyuta ikudikira kuti mulowenso.
- Wotchi ya kompyuta yasokonekera. Deti likakhala lolakwika, maseva amakana kulumikizana. Kompyuta ya pa desiki imene imabwerera ku chaka chakale magetsi akazima ikufunika kabatire katsopano ka CR2032 pa motherboard.

Zonsezi zikakhala bwino koma OneDrive ikungozungulira pa Processing changes kwa maola, tsekani Word, Excel ndi Outlook, kenako pa Windows ndi R lembani `%localappdata%\Microsoft\OneDrive\onedrive.exe /reset`. Ikati fayiloyo palibe, yesani `"C:\Program Files\Microsoft OneDrive\onedrive.exe" /reset`. Zimenezi sizifufuta mafayilo, koma imayamba kuunikanso foda yonse, ndiye muzichite pa intaneti yabwino. Pa Google Drive, tsegulani Error list pa kagiya kake musanaganize zoichotsa n'kuiikanso. Nthawi zambiri imatchula fayilo imodzi imene yatsekereza njira.

Ngati dandaulo lanu n'lakuti bandulo ikutha msanga, yang'anani ngati foda ya Videos kapena Downloads ili m'gulu la zokwezedwa, ndiponso ngati Google Drive ili pa Mirror files, imene imatsitsa chilichonse pa kompyuta. Stream files imatsitsa chokhacho chimene mwatsegula.

## 3. Zambiri zakoperedwa, zina zatsala

Fayilo ndi yotsegula. Mafayilo a Outlook a `.pst` ndi a mapulogalamu owerengetsera ndalama amakhala okhomedwa nthawi yonse imene pulogalamu yake ikuyenda. Mu Options ya FreeFileSync muli Copy locked files, imene imafuna kuti pulogalamuyo iyendetsedwe ngati administrator. Koma pa fayilo ya maakaunti njira yodalirika ndi ina: gwiritsani ntchito Backup ya m'pulogalamu ya maakauntiyo, izisiya fayilo mufoda ina, ndipo foda imeneyo ndiye izikoperedwa. Database yokoperedwa ikulembedwa imatha kukana kutseguka.

Diski ndi ya FAT32, umene ndi mtundu wa kasungidwe ka mafayilo pa diski, monganso NTFS ndi exFAT. Silandira fayilo yofika 4 GB, ngakhale malo atakhala ambirimbiri. Mavidiyo a ukwati ndi mafayilo a ISO ndiwo amagwa apa. Dinani kumanja pa diski, Properties, muone File system. Ngati mumagwiritsa ntchito Windows yokha, NTFS ndiyo yoyenera. exFAT imalembeka pa Windows ndi pa Mac pomwe, koma ilibe kaundula wa zimene inali kulemba, choncho imawonongeka msanga ikazulidwa kapena magetsi akazima ikulemba. Lamulo lakuti `convert E: /fs:ntfs` limasintha FAT32 osafufuta mafayilo, komabe musaliyese pa diski imene ili ndi kope lokhalo la zinthu zanu.

Dzina la fayilo. Windows ndi OneDrive salola zizindikiro izi m'dzina: `" * : < > ? / \ |`, ndiponso mayina ngati CON, PRN, AUX ndi NUL. Mafayilo otere amachokera pa Mac, pa Linux kapena pa Google Drive, amene amalola dzina ngati "Lipoti lomaliza?". Sinthani dzinalo kumene linachokera.

Njira yatalika. Mapulogalamu ambiri a Windows amathera pa zilembo 260, kuwerengera kuyambira `C:\` mpaka kumapeto kwa dzina la fayilo. OneDrive imafika 400. FreeFileSync imakopera njira zazitali popanda vuto, koma mudzavutika kutsegula fayiloyo. Fupikitsani mayina a mafoda apamwamba, chifukwa dzina limodzi likafupika mafayilo onse a m'kati apindula.

Fayiloyo sili pa kompyuta. Apa ambiri amapusitsika. Fayilo ya OneDrive yokhala ndi kamtambo ka buluu ndi dzina chabe, zenizenizo zili pa intaneti. FreeFileSync ikaifuna, Windows imayamba kuitsitsa, bandulo n'kumapita, ndipo popanda intaneti imalephera. Dinani kumanja pa foda, Always keep on this device, dikirani mpaka zonse zikhale ndi kabwalo kobiriwira kodzaza, kenako mukopere. Mafayilo a `.gdoc` ndi `.gsheet` ndi oopsa kuposa apa, chifukwa amakoperedwa bwinobwino popanda chodandaula, pamene m'kati mwake muli adiresi yokha yolozera ku Google. Akaunti ikatsekedwa, kafayiloko n'kopanda ntchito. Zolemba zofunika zitsitseni ngati `.docx`, `.xlsx` kapena PDF, kapena mutsitse zonse kudzera pa Google Takeout.

Filter kapena chitetezo. Dinani F7 mu FreeFileSync muone zimene zili pa Exclude. Ngati lipoti likuti Access is denied pa Documents kapena Pictures, pitani pa Windows Security, Virus & threat protection, Manage ransomware protection, mulole FreeFileSync kudutsa pa Controlled folder access m'malo mozimitsa chitetezo chonsecho.

## 4. Mafayilo asowa mbali zonse ziwiri

Apa pulogalamu nthawi zambiri sinalakwitse, yachita ndendende zimene inauzidwa. Mu FreeFileSync mumasankha Two way, Mirror kapena Update, ndipo mafoda awiri amakhala imodzi kumanzere, ina kumanja. Two way imatenga kusintha kulikonse, kufufuta komwe, n'kukupititsa mbali inayo. Mirror imasandutsa mbali ya kumanja kuti ifanane ndi ya kumanzere, ndipo chimene kumanzere kulibe imachichotsa kumanja. OneDrive ndi Google Drive zimachita ngati Two way: mukafufuta pa laputopu kuti mupeze malo, mwafufutanso pa intaneti. Update yokha ndiyo imene sifufuta kanthu kumanja.

Zoyambitsa zake, kuyambira yofala:

1. Munafufuta kapena kusuntha foda mbali imodzi, mwina poikoka mwangozi ndi mbewa. Fufuzani dzina la fayilo imodzi pa diski yonse musanade nkhawa. Kawirikawiri foda imakhala yalowa m'kati mwa inzake yoyandikana nayo.
2. OneDrive yasamutsa Documents, Desktop ndi Pictures. Mukavomera Back up folders, nthawi zina pongodina Next pokonza kompyuta yatsopano, mafodawa amachoka pa `C:\Users\dzina\Documents` n'kupita pa `C:\Users\dzina\OneDrive\Documents`. Foda yakale imatsala yopanda kanthu. FreeFileSync ikuyang'anabe yakaleyo, ndipo Mirror imasesa external kuti nayo ikhale yopanda kanthu. Mafayilo anu ali mufoda ya OneDrive; konzani njira ya kumanzere musanadinenso Synchronize.
3. Mbali zatembenuka. Mwagula laputopu yatsopano, mwalowetsa external, mwatsegula makonzedwe akale a Mirror. Kumanzere kuli foda yatsopano yopanda kanthu, kumanja kuli ntchito ya zaka zonse. Pa kompyuta yatsopano, yambani mwakopera ndi dzanja kuchoka pa external, ndipo RealTimeSync muiyatse pambuyo pake.
4. Vairasi ya ma shortcut. Flash kapena external imene yadutsa m'makompyuta a malo osindikizira imabwera mafoda atabisidwa, m'malo mwake muli ma shortcut. Musawadine. Yambani mwaiunika ndi antivirus, kenako mu Command Prompt lembani `attrib -h -r -s /s /d E:\*.*`, kusintha E: kukhala chilembo cha diski yanu. Diski yosungira zinthu isamapite kokasindikiza. Gulani flash ina ya ntchito imeneyo.
5. Munthu wina wafufuta mufoda imene munagawana naye pa intaneti.

Kokayang'ana: Recycle Bin ya kompyuta, external italowetsedwa. Pa onedrive.com, Recycle bin imasunga masiku 30 pa akaunti ya munthu payekha ndi masiku 93 pa ya kuntchito kapena kusukulu. Trash ya Google Drive imasunga masiku 30. Flash ndi mafoda ambiri a pa netiweki alibe Recycle Bin, chofufutidwa chimapitiratu. Zikatero lekani kulemba chilichonse pa diskiyo, yesani pulogalamu yobwezera mafayilo ofufutidwa ngati PhotoRec kapena Recuva, ndipo zopezekazo muzisunge pa diski ina, osati pomwepo. Pa SSD, diski yopanda mbale zozungulira, mwayi ndi wochepa kwambiri chifukwa imapukuta yokha malo a fayilo yofufutidwa posakhalitsa.

Kuti zisachitikenso, dinani F8 mu FreeFileSync, pa Delete and overwrite musankhe Versioning, mulozere foda ngati `[NKHOKWE]\Zakale`, ndipo pa katchulidwe musankhe Time stamp. Fayilo iliyonse yofufutidwa kapena yosinthidwa izipita kumeneko ili ndi deti lake. Foda ya Zakale isakhale m'kati mwa foda imene ikulunzanitsidwa. Imakula, ndiye muziipungula miyezi ingapo iliyonse. Pa maganizo anga, Mirror yopanda Versioning si yoyenera kuisiya kuti iziyenda yokha pa zinthu zimene simungazipezenso. Ndipo mukasintha makonzedwe aliwonse, dinani Compare kaye, muwerenge chiwerengero cha mafayilo oti afufutidwe chimene chili pansi kumanja. FreeFileSync ikachenjeza kuti mafoda awiriwa ndi osiyana kwambiri, chenjezo limenelo musalitseke musanamvetse chifukwa chake.

## 5. Fayilo imodzi yabala anzake

Mukuona `Bajeti.xlsx` ndi `Bajeti-DESKTOP-4F2K.xlsx` pa OneDrive, kapena dzina lomwelo lokhala ndi nambala kumapeto pa Google Drive, kapena kachizindikiro ka mphezi pa FreeFileSync. Tanthauzo ndi limodzi: fayilo inasinthidwa malo awiri pulogalamu isanaone kusintha koyambako.

- Munagwira ntchito popanda intaneti pa makompyuta awiri. Musanatseke laputopu ya ku ofesi dikirani chizindikiro chinene kuti zonse zakwera, ndipo musanatsegule fayilo kunyumba dikirani itsike.
- Mapulogalamu awiri akulimbirana foda imodzi, monga OneDrive ndi Google Drive onse pa Documents. Siyani imodzi. FreeFileSync ikhoza kuwerenga foda ya OneDrive n'kukopera pa external, bola ikhale pa Mirror kapena Update, osati Two way.
- Kafayilo ka `sync.ffs_db` kanafufutidwa. Ndi mmene Two way imakumbukira mmene mafoda analili ulendo watha. Popanda iko siingasiyanitse fayilo yofufutidwa ndi yatsopano, ndiye zimene munataya zimabwerera. Musakafufute, ngakhale kakuoneka ngati zinyalala.

Posankha yosunga musadalire deti lokha. Tsegulani zonse ziwiri, chifukwa ya deti latsopano ikhoza kukhala imene munangoitsegula n'kusintha selo imodzi, pamene inayo ili ndi ntchito ya sabata yonse.

## 6. Ikukopera zonse mobwerezabwereza

FreeFileSync imayerekeza nthawi ndi kukula kwa fayilo. FAT32 imasunga nthawi ya kumene muliko, osati ya dziko lonse, ndiye wotchi ikasuntha ndi ola mafayilo onse amaoneka ngati asintha. Ku Malawi, Zambia, Mozambique, Zimbabwe ndi South Africa wotchi sisintha chaka chonse, choncho chimayambitsa ndi time zone yolakwika pa kompyuta imodzi, ikhale UTC+02:00. Amene muli ku Britain muziona zimenezi kumapeto kwa Marichi ndi kumapeto kwa Okutobala. Dinani F6, pa Ignore time shift mulembe 1, kapena musamukire pa NTFS. Foda yaikulu ikasinthidwa dzina imathanso kukoperedwa yonse kachiwiri. Zimenezo zimachitika kamodzi kokha.

## 7. Imachedwa kwambiri, kapena imaduka panjira

- Chingwe kapena polowetsa. Sinthani chingwe, chikhale chachifupi, ndipo mulowetse pa kompyuta penipeni osati pa hub. Pa kompyuta ya pa desiki gwiritsani ntchito malo a kumbuyo. USB 2.0 imapereka 500 mA, USB 3.0 imapereka 900 mA, ndipo external yaing'ono ya mainchesi 2.5 imadalira mphamvu imeneyo kuti izungulire. Ikaperewera imazima n'kuyakanso, Windows n'kumalira kaphokoso kolowetsa ndi kuzula.
- Windows ikugoneka USB. Control Panel, Power Options, Change plan settings, Change advanced power settings, USB settings, ndipo USB selective suspend muike Disabled. Onaninso kuti laputopu sikugona ntchito isanathe.
- Mafayilo aang'ono ambirimbiri. Timafayilo 50,000 timachedwa kuposa vidiyo imodzi ya kukula komweko. Ulendo woyamba wokha ndi umene umatenga nthawi.
- Flash yabodza. Yalembedwa 128 GB kapena 1 TB pamtengo wotsika modabwitsa, m'kati muli malo ochepa. Kukopera kumaoneka ngati kwatheka, koma mafayilo amene anadutsa malire enieni satseguka. Iyeseni ndi H2testw ikadali yopanda kanthu.
- Diski ikufa. Lipoti likamatchula Data error ndi cyclic redundancy check, kapena I/O device error pa mafayilo omweomwewo, tsegulani CrystalDiskInfo, pulogalamu younika thanzi la diski. Ikalemba Caution pa 05, C5 kapena C6, diskiyo yayamba kuwonongeka. Yambani mwapulumutsa mafoda ofunika kwambiri, ena pambuyo. Musayendetse `chkdsk /r` musanapulumutse, chifukwa imaumiriza diski yodwala kuwerenga malo onse kwa maola ambiri.

Timafayilo ta `.ffs_tmp` totsala ntchito ikaduka si vuto. FreeFileSync imayamba kulemba m'menemo kuti fayilo yakale isawonongeke, ndipo imatichotsa ulendo wotsatira.

## 8. Zonse zikuoneka bwino, koma simunayesepo

Kamodzi pa mwezi pangani kafayilo katsopano mufoda yanu, dikirani, mukaone ngati kafika mbali inayo. RealTimeSync imadikira masekondi 10 foda itakhala bata isanayambe. Kenako tsegulani mafayilo atatu kuchokera pa external penipeni: la Word, chithunzi, ndi lalikulu kwambiri. Miyezi ingapo iliyonse sinthani Compare ikhale File content, imene imawerenga m'kati mwa fayilo iliyonse. Imachedwa, koma ndiyo imagwira fayilo yowonongeka yokhala ndi deti ndi kukula koyenera. External imene imakhala yolowetsedwa nthawi zonse imagwidwa ndi vairasi, mphezi kapena wakuba limodzi ndi kompyuta, ndipo yoyenda m'chikwama chimodzi ndi laputopu imasowa nayo limodzi. Pakhale kope lachitatu, pa intaneti kapena pa diski yachiwiri yosungidwa nyumba ina.

## Pamene muyenera kusiya n'kuitana katswiri

- Diski ikugogoda, ikulira tswi-tswi, kapena sikuzungulira, makamaka itagwa pansi. Zulani nthawi yomweyo. Kuyatsa kulikonse kumakanda mbale za m'kati. Musaitsegule, musaiike mufiriji.
- Windows ikuti You need to format the disk, kapena Disk Management ikuonetsa RAW kapena Not initialized pa diski imene inali ndi zinthu. Dinani Cancel.
- Mayina a mafayilo asintha onse, satseguka, ndipo pali kalata yofuna ndalama. Imeneyo ndi ransomware. Zimitsani Wi-Fi, zulani chingwe cha netiweki ndi external, ndipo musalowetse diski ina yosungira pa kompyutayo. OneDrive ndi Google Drive zimasunga makope akale a mafayilo kwa kanthawi, ndiye musachedwe. Amene amalipira Microsoft 365 ali ndi Restore your OneDrive, yobwezera zonse mmene zinalili tsiku lina m'masiku 30 apitawo.
- Kompyuta ikufunsa BitLocker recovery key, kiyi yotsegulira diski imene Windows inaikhoma, koma inu mulibe. Yang'anani pa akaunti yanu ya Microsoft kapena funsani a IT a kuntchito. Popanda kiyi ya manambala 48 imeneyo palibe katswiri angatsegule diskiyo, ndipo wolonjeza kutero musamupatse ndalama.
- Akaunti ndi ya kuntchito kapena ya sukulu. Oyang'anira ali ndi njira zobwezera zimene inu simuziona, koma nazo zili ndi malire a masiku.
- Fungo la kupsa pa chaja kapena pa bokosi la external.

Popita tengani diskiyo, chingwe ndi chaja chake, diski ina yopanda kanthu yofanana nayo kukula kapena yoposa, lipoti lomaliza la pulogalamu, ndi mndandanda wa mafoda amene mukuwafuna poyamba. Muuzeni zonse zimene mwayesa kale, ngakhale format kapena chkdsk, chifukwa zimasintha njira imene agwiritse ntchito. Mufunseni ngati ayambe wajambula kope la diski yonse, sector ndi sector, n'kumagwirira ntchito pa kopelo. Akanena kuti angoiyendetsa pulogalamu yokonzera pa diski yodwala yomweyo, itengeni mupite kwa wina.